Mutu wa Ciuli ndi Ming'oma ya Alimi

Nyengo ya uci ikafika, alimi ambiri oweta njuci amapeza ming'oma yao itagwetsedwa usiku, zisa ziri mbwee pansi. Mwini mlandu kawirikawiri ndi ciuli, kanyama kakuda kumimba ndi kotuwa kumsana. Camphongo cimalemera makilogalamu 9 kufikira 16, koma mphamvu zace ziposa msinkhu wace. Cinsinsi ciri m'mutu.

Cigaza ca ciuli n'cacifupi, cotakata kumbuyo ndi cocindikala. Cikakula, mafupa a m'mutu amalumikizana kotero kuti msoko suonekanso, ndipo paphewa ndi pakhosi pali minofu yolimba. Nsagwada yapansi imagwira molimba m'malo mwace monga citseko pa mahinjesi: imatseguka ndi kutsekeka, koma sipita cam'mbali monga ya ng'ombe pobzikula. Cifukwa cace ciuli cikaluma, kucilekanitsa ndi cimene caluma n'kobvuta.

Mano ace ndi 32. Mano anai osongoka ndi afupi koma onenepa, oyenera kugwira ndi kuboola. Akumbuyo amadula nyama monga sizasi, naphwanya mafupa ndi ciguba ca fulu. Lilime liri ndi timinga toloza kukhosi.

Pokumba, ciuli cimatseka makutu kuti dothi lisalowe, pakuti ciribe makutu otuluka kunja monga a galu. Zikhadabo zakutsogolo zimatalika pafupifupi masentimita 4. Cikopa ca pakhosi cimacindikala mamilimita 6, ndipo mbola za njuci sizicibweza msanga. Pamng'oma cimafuna ana a njuci pamodzi ndi uci.

Komabe mlimi asaiwale kuti mano omwewo amatha mbewa zoononga cimanga, zinkhanira, ndi njoka zaululu monga mphiri. Kupha ciuli ndiko kupha mlonda wa munda, ndipo agalu otumidwa kwa ico amabwerako ndi mabala.

Njira yabwino ndi kucinjiriza cuma. Mng'oma upacikidwe ndi waya pa nthambi, kutali ndi thunthu, pakuti ciuli cimakwera mitengo. Thunthu likutidwe ndi lata losalala. Mng'oma wa bokosi uikidwe pa nsanja yoposa mita imodzi, cibvundikiro citamangidwa zolimba. Khola la nkhuku likhale lam'mwamba, la mitengo yothithikana, pakuti la pansi ciuli cimalowa cokumba.

Mlimi wocita zimenezi mvula isanagwe adzafula uci wace yekha, ndipo mbewa za m'munda adzasiyira ciuli.