Kuyenda Wekha: Mapointi Sagula Chakudya

Azichemwali, ambirife timalakalaka kukaona kunja patokha, popanda wotilipirira woti mawa azidzatitonza nazo. Zimatheka ndithu. Tilembetse ShebaMiles ya Ethiopian Airlines, kulembetsa n'kwaulere. Ulendo uliwonse wa kuntchito kapena wa geni pa ndege zawo, tizipereka nambala yathu kuti mapointi azichuluka.

Koma tisanamizane, mapointi amalipira mpando basi. Misonkho ya tikiti timalipira ndi ndalama, kuphatikizanso viza, kogona, chakudya ndi takisi yochokera kubwalo la ndege usiku. Mapointiwa akakhalitsa amatha ntchito, ndiye tiziona masiku ake.

Chachikulu, tisunge padera ndalama yosinthira hotelo kapena tikiti zinthu zikavuta. Mtsikana wokhala ndi yobwerera yakeyake sakakamizika kupirira malo amene akumuopsa.