Nkhalango Yoimirira ya ku Milan

Nkhani ya lero ikuchokera ku Milan, mzinda wa kumpoto kwa dziko la Italy, kumene utsi wa magalimoto ndi mafakitale umachedwa kubalalika chifukwa mapiri a Alps amatchinga mphepo.

M'chaka cha 2014 mumzindawu munatsegulidwa nyumba ziŵiri zosanja zotchedwa Bosco Verticale, ndiko kunena kuti nkhalango yoimirira. Anajambula mapulani ake ndi a Stefano Boeri. Yaitali mwa ziŵirizi imapitirira mamita 100, ndipo pamakonde a nyumba zonse ziŵiri pali mitengo pafupifupi 800, osaŵerengera zitsamba ndi maluŵa.

Mitengoyi sinabzalidwe chifukwa cha kukongola kokha. Masamba amagwira fumbi ndi kuchepetsa phokoso la mumsewu. M'nyengo yotentha amatchinga dzuŵa, ndipo chinyezi chotuluka m'masambamo chimaziziritsa zipinda, motero magetsi oyendetsera makina oziziritsira saonongeka ambiri. M'nyengo yozizira mitengo ina imayoyola masamba, dzuŵa n'kumaloŵa m'nyumba. Mbalame nazo zinapezapo pomanga zisa.

Komatu mtengo wa pakhonde uli ndi zovuta zake. Dothi lonyowa ndi lolemera, choncho makonde anafuna simenti ndi zitsulo zochuluka. Kumwamba mphepo ndi yaukali, n'chifukwa chake mitengo ikuluikulu anaimangirira ndi zingwe zachitsulo. Madzi amafika kumizu kudzera m'timapaipi, ndipo odulira nthambi amatsika kuchokera padenga atalendeŵera pazingwe. Zonsezi zimadya ndalama, kotero okhalamo ndi anthu opeza bwino.

Chisamaliro chikasoŵa zimachitika ngati zimene zinaoneka ku Chengdu, m'dziko la China. M'chaka cha 2020 kunamveka kuti m'nyumba zotere munaloŵa mabanja oŵerengeka chabe. Zomera zinayanga makonde popanda wozidulira, ndipo udzudzu unaswana.

Koma ku Eindhoven, m'dziko la Netherlands, anaonetsa kuti nzeruyi ingathe kufikira anthu wamba. M'chaka cha 2021 kumeneko anatsiriza nyumba ina ya a Boeri, ya zipinda zogona 125 zalendi yotsika.

Tsono, omvera, wofuna kubzala nkhalango pakhoma ayambe wadziŵa kumene madzi adzachokere, amene adzadulire nthambi, ndi amene adzalipire zaka zikamapita.