Njira ya m'Mbali mwa Madzi: Mawu Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka wa Ophunzira Akale



Boma litanditumiza ku maphunziro ku Birmingham, ndidaona ngalande zikuluzikulu zimene adayamba kukumba m'zaka za m'ma 1760 kuti mabwato azinyamula malasha. Njira za m'mbali mwake, momwe munkadutsa akavalo okoka mabwatowo, lero mumayenda anthu wamba, ndipo ana a sukulu amaima n'kumawerenga zikwangwani zofotokoza mbiri ya malowo. Ndidadzifunsa kuti, nanga kwathu ku Thyolo?

Ngalande za mabwato tilibe. Koma tili ndi madamu a m'maesiteti, ngalande zodutsa pakati pa mizere ya tiyi, ndiponso mitsinje monga Nswadzi. Tiyi adayamba kubzalidwa kuno m'chaka cha 1908 ku Bandanga, ndipo a Maclean Kay adatsegula Satemwa mu 1923. Alendo amabwera kale kudzayenda m'minda imeneyi ndi kujambula zithunzi, ndipo sindikuwadzudzula, pakuti n'kokongoladi. Koma amene adagwetsa mitengo ndi kukumba ngalandezo ndi makasu ndi agogo athu, ambiri mwa iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, amene ankalipira malo okhala ndi thukuta lawo pansi pa thangata, mpaka lamulo lidathetsa mchitidwewu mu 1962. Agogo anga aakazi akamanena za nthawi imeneyo ankatsitsa mawu, ngati kapitawo ali kuseri kwa nyumba. Ana anga sadziwa n'komwe kuti thangata n'chiyani.

Pali nkhani ya madzi. Tili pa sukulu, phiri la Thyolo linali ndi nkhalango yowirira, momwe munkakhala mbalame imene akatswiri adaipatsa dzina la boma lathu, Thyolo alethe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 nkhalango ija idadulidwa, n'kusanduka minda. Amene adadula ndi abale athu osowa polima, choncho chala ndilibe poloza. Komabe akasupe ena amene tinkatungako madzi, masiku ano amauma mvula ikangosiya.

Pempho langa n'lakuti bungwe lathu lisankhe anthu asanu oti akakambirane ndi eni maesiteti ndi mafumu, atilole kukhazikitsa njira yoyenda pansi yotsata mtsinje umodzi, kuchokera m'munsi mwa phiri mpaka ku damu. Zikwangwani zilembedwe m'Chichewa ndi m'Chilomwe, Chingelezi chibwere pambuyo. Ana a Fomu 1 aziyendamo chaka chilichonse ndi aphunzitsi awo.

Chofunika msanga ndi kujambula mawu a nkhalamba zimene zidagwirako thangata. Zatsala zochepa, ndipo ya m'mudzi mwathu tidaika m'manda mwezi wathawu. Foni iliyonse m'chipinda muno ingathe kugwira ntchitoyi. Amene akufuna kulowa m'komiti apereke maina awo kwa a Mlembi tisanapite ku chakudya.