Wolandira Chuma Akamwalira, Wilo Ikonzedwenso

Lero sitikamba za mitengo ya feteleza kapena misika ya soya. Tikamba za pepala lija ambiri tinalemba titalimbikitsidwa m'makalabu, n'kulisunga pansi pa sutikesi, osaliyang'ananso. Tikunena wilo.

Kulemba wilo tinachita bwino. Koma wilo ili ngati nkhokwe: imafuna kuyenderedwa, chifukwa chiswe sichiuza munthu kuti chalowa. Tiyerekeze mlimi amene analemba kuti ngolo, ng'ombe ziwiri ndi chigayo zidzakhale za mwana wake wachisamba. Mwanayo wamwalira bambo ake akadali moyo, ndipo wasiya ana atatu. Bamboyo akuganiza kuti katunduyo adzangopita kwa adzukulu. Koma mphatso yolembera munthu amene watsogola ikhoza kugwa. Ikagwa, katunduyo amaphatikizidwa ndi chuma chotsala, ndipo ngati wilo sinanene wotenga chotsalacho, amagawidwa ngati kuti panalibe wilo. Adzukulu aja angadzafunike kukanenera ku khoti pa nkhani imene agogo awo akanaithetsa ndi mzere umodzi.

Lamulo loona za chuma cha masiye limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2011, m'malo mwa lija la 1967, limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana ake ndi amene ankadalira malemuyo. Limanenanso kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wokalowa nawo kundende. Komabe olanda amakonda pamene pali chisokonezo. Wilo yotchula munthu amene ali kumanda imawapatsa poyambira.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, maliro akatha ndipo mtima wakhazikika, titulutse wilo tiiwerengenso. Tione mayina onse: olandira chuma, amene tinamusankha kuti adzagawe chumacho, ndi amene tinati adzalere ana aang'ono. Ngati mmodzi wa iwo wamwalira, pafunika kukonza.

Chachiwiri, tisafufute dzina ndi cholembera n'kulemba lina pamwamba. Pepala lofufutidwa limabweretsa mkangano, ndipo khoti likhoza kukana zosinthazo. Njira yabwino ndi kulemba wilo yatsopano, yokhala ndi tsiku, yonena momveka kuti ikuthetsa zonse zakale. Tisayine pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi, nazonso zisayine ife tikuona. Mbonizo zikhale anthu akuluakulu amene sakulandirapo kanthu. Tikatero, wilo yakale tiing'ambe, kuti pasadzatuluke mapepala awiri pamaliro.

Chachitatu, tizilemba womulowa m'malo. Mwachitsanzo: "Chigayo ndapatsa mwana wanga wamkazi, akadzamwalira ine ndisanafe, chidzakhale cha ana ake mofanana." Tilembenso amene adzatenge chilichonse chimene sitinachitchule dzina, monga mbuzi zobadwa mtsogolo kapena ndalama za fodya zimene sizinatuluke.

Chachinayi, tisaiwale mafomu ena. Ku SACCO, ku kopaletivi ndi ku inshulansi tinalembetsa dzina la wodzalandira masheya ndi ndalama zathu. Kusintha wilo sikusintha mabuku amenewo. Tipiteko ndi chiphaso chathu cha unzika tikalembetse dzina lina. Pa za minda, amene muli ndi malo a lizi kapena olembetsedwa pansi pa lamulo la malo a makolo la 2016, kafunseni ku ofesi ya zamalo ya m'boma lanu momwe mungawalembere mu wilo.

Chachisanu, wilo yatsopano isungidwe pabwino: kwa DC, ku khoti lalikulu kapena kwa loya, ndipo munthu mmodzi wodalirika adziwe kumene ili. Amene sitingathe kulipira loya, ofesi ya Legal Aid Bureau inakhazikitsidwira ifeyo.

Tikudziwa kuti ena amati kukhudza wilo ndi kudziitanira imfa. Abale, chakudza sichiimba ng'oma. Amene amavutika si ife ogona kumanda, koma mayi wamasiye ndi ana amene amaona ngolo ikutuluka pakhomo.

Choncho tikupempha apampando a makalabu onse kuti nkhaniyi ikhale pa mndandanda wa zokambirana chaka chilichonse tikatha kugulitsa zokolola. Ifenso ngati bungwe tipitiriza kupempha boma kuti alangizi a zamalamulo azifika kumidzi, osati kumathera pa boma pokha.