Nkhokwe ya Asilikari Akale

Lero mlangizi wanu wa malimidwe ndiri ndi mau pa za asilikari akale amene akalamba ndipo alibe pogona pabwino.

Dziko lathu latumiza ana ache ku nkhondo zambiri. Asilikari a King's African Rifles anamenya nkhondo ku Abyssinia mu 1941 ndi ku Burma mu 1944. A nthawi imeneyo atsala owerengeka, koma akazi amasiye alipo. Alipo enanso amene analondera njanji ya ku Nacala kuyambira 1987, ndi amene anakasungitsa mtendere ku Congo. Ena a iwo anabwerako olumala, ena anapeza minda yao italowedwa ndi anthu ena. Ku Zomba ziriko nyumba zosungiramo asilikari okalamba, koma sizingalandire onse. Ambiri tiri nao m'midzi momwe muno.

Mwezi wa Novembala anthu amagula duwa lofiira lija la popi, ndipo ndalama zache zimathandiza asilikari akale. Gulani ndithu. Koma duwalo limabwera kamodzi pa chaka, pamene njala imafika mu Januwale ndi Febuluwale, chimanga chiri m'munda ndi chilumba chiri chotseka.

Inu a ku Mbenji mudziwa kale kusunga. Kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu anu amatseka chilumba mu Disembala kufikira Epulo kuti utaka uswane, ndipo anthu a kutali amabwera kudzaona nzeru imeneyi. Tsono chitani chomwecho ndi chakudya.

Choyamba, nyakwawa ndi anthu ache alembe maina a asilikari akale ndi amasiye a m'mudzi mwao, ayambe ndi amene nyumba yao yagwa.

Chachiwiri, pokolola banja liri lonse lipatule chidebe chimodzi cha chimanga. Chikhale chouma bwino, cholira mukachiluma, chifukwa chachinyezi chimachita chuku. Chitonoleni, chipeteni, muthire mankhwala a anankafumbwe monga kwalembedwa pa botolo, kapena muchiike m'matumba osalowa mpweya. Matumbawo akhale pa thandala, osati pansi. Anthu atatu osankhidwa pa bwalo aziwerenga poyera zolowa ndi zotuluka, kuti pasakhale manong'onong'o.

Chachitatu, asodzi mukapha bwino, ikani pambali nsomba pang'ono, muziumike pa thandala. Nsomba zouma sizikhalitsa monga chimanga, choncho zigulitseni, ndipo ndalama zache mugulire mchere, sopo ndi bulangeti.

Chachinai, mwetani udzu mu Juni ndi Julai, muumbe njerwa dzuwa likadalipo, kuti nyumba ya nkhalambayo ifoleredwe mvula isanagwe. Anyamata khumi angathe nchito imeneyi masiku owerengeka. Mvula ikagwa, muwabzalire kamunda ka chinangwa pafupi ndi nyumba, popeza chinangwa chimadikira mwini wache m'nthaka.

Musadikire kuti munthuyo apemphe. Msilikari anazolowera kupirira, ndipo angagone ndi njala osauza munthu. Pitani nokha, mukhale pa mphasa, mumfunse bwino. Mutu umodzi susenza denga.

Nkhaniyi muikambe pa bwalo sabata lino. Tsalani bwino nonse.