Maginito Amphamvu ndi Mkuwa Wathu



Mwana wa ku Ng'ombe akaphwasula wailesi yakufa amapezamo kamaginito, nayamba kutola nako misomali m'fumbi. Akakayesa pa waya wamkuwa, sikagwira ai. Komatu mkuwa womwewo ndiwo anthu ophunzira apangira maginito amphamvu koposa onse. Magetsi akamayenda m'waya wopindidwa ngati nkhata, pakati pa nkhatayo pamabadwa mphamvu yokoka, ndipo magetsi akaculuka, mphamvunso ikula. Cobvuta ndi kutentha, pakuti waya afiira nasungunuka. M'zaka za m'ma 1930 Francis Bitter wa ku America anasiya waya, natenga mbale zopyapyala zamkuwa, naziboola timabowo tambirimbiri, nazisanjikiza kuti madzi ozizira azithamanga m'timabowomo.

Mphamvu imeneyi aiyesa ndi muyeso wochedwa tesla. M'caka ca 1999, ku Tallahassee m'dziko la America, anayatsa maginito a matesla 45, oposa mphamvu ya dziko lapansi yotembenuza singano ya kampasi pafupifupi kamiliyoni. M'kati mwa maginito otere amaikamo tizidutswa ta zitsulo ndi ta mankhwala kuti aone m'mene zinalukidwira. Mu 1997, ku Nijmegen m'dziko la Netherlands, anaikamo cule wamoyo pa matesla 16, ndipo cule uja anayandama m'malere, naturuka ali bwino. Sindikunama ai.

Ife tikomana ndi mphamvu imeneyi ku cipatala, m'makina a MRI amene aona m'kati mwa mutu ndi msana popanda mpeni. Waya wake ndi wa niobium ndi titanium, wokutidwa ndi mkuwa, womizidwa m'madzi a helium ozizira kufika madigiri 269 pansi pa ziro. M'kuzizira kotero magetsi ayenda osapingidwa, cinthu cimene Kamerlingh Onnes anapeza ku Leiden mu 1911. Makina ambiri otere ali ndi tesla imodzi ndi theka, ndipo maginito ake akhala ciyakire usana ndi usiku, ngakhale m'cipindamo mulibe wodwala.

Tsono apa chereni khutu, inu obowola miyala pansi pa mgodi, ndi inu owocherera zitseko ndi mawindo m'mbali mwa miseu. Kacitsulo kamene kanathethekera m'diso mwanu zaka khumi zapitazo, inu n'kuiwala, maginito aja sakaiwala. Angathe kukatembenuza kali m'kati, diso n'kufa. Ambirife ticita manyazi pamaso pa dokotala, tingoti "inde" pa ciri conse. Pa nkhani iyi manyazi asakhalepo. Nenani nchito imene mugwira, ndi imene munagwira kale. Ngati citsulo cinalowapo m'diso kapena m'thupi, chulani, kuti ayambe akuunikani ndi X-ray. Makiyi, ndalama zacitsulo, lamba ndi foni musiye kunja kwa cipinda.

Tsalani bwino, tidzamvananso sabata lamawa.