Injini ya 15 kapena ya 40? Tiyeze kaye boti tisanatulutse ndalama



Nkhani yomwe tasonkhanira lero mukuidziwa. Ndalama zomwe takhala tikusonkha zatsala pang'ono kukwanira injini ya boti lathu, lija tikufuna lizinyamula osaka abakha ndi atsekwe kupita nawo m'madambo a nyanja ya Chilwa, komanso alendo obwera kudzaona mbalame. Koma tagawanika pawiri. Ena akuti tigule ya 15 tiyambepo ntchito. Ena akuti ayi, tidikire ndalama zichuluke tigule ya 40 kamodzi n'kamodzi, anthu atione kuti tabwera. Komiti inandipempha kuti ndifufuze, ndiye ndabwera ndi zomwe ndapeza.

Mfundo yanga ndi imodzi basi. Injini sitisankha poyang'ana ya mnzathu pa doko. Imasankhidwa ndi boti lenilenilo, katundu amene lizinyamula, ndi madzi amene liziyendamo. Tikafunsa zinthu zitatuzi, yankho lizibwera lokha, ndipo mkangano wathu utha popanda wina kukwiya.

Tiyambe ndi madzi. Chilwa si nyanja ya Malawi, anzanga. Ndi nyanja yosaya, malo ambiri munthu amafika pansi ndi nsungwi yokankhira boti. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndiye imakula ndi kuchepa potengera mvula. Makolo athu amakumbukira kuti inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo ambiri a ife tinaona ndi maso athu mu 2018 maboti atakhala pa matope ku Kachulu. M'mbali mwake mwadzaza njedza ndi bango, ndipo abakha amakhala m'menemo, osati pakati pa nyanja. Injini za 40 zomwe timaziona ku Mangochi kapena ku Nkhotakota zimakankha maboti akuluakulu a usipa pa madzi akuya, pa mafunde aatali. Ife tikukamba za boti laling'ono loyenda m'tinjira ta njedza, pansi pali matope. Ntchito zake n'zosiyana.

Tsopano boti. Nambala ija ya 15, 25 kapena 40 imene imalembedwa pa chivundikiro cha injini ndi HP, muyeso wa mphamvu zake. Maboti opangidwa kufakitale amabwera ndi kachitsulo kolembapo HP yomwe sukuyenera kupyola ndi kulemera kwa katundu amene boti lingasenze. Lathu analikhoma ndi mmisiri wa matabwa, kachitsulo koteroko palibe. Komabe masamu ake alipo, ndipo ndi a pulayimale. Ku America, komwe anthu ambiri amasaka abakha ndi timaboti tating'ono ta pansi pophwatalala, boma linaika lamulo la maboti osafika mafiti 20. Umayeza kutalika kwa boti m'mafiti, n'kuchulukitsa ndi kutambalala kwa thabwa lakumbuyo lija timamangirirapo injini. Yankho likakhala 35 kapena kuchepera apo, injini isapyole 3 HP. Kuyambira 36 mpaka 39 ndi 5 HP, 40 mpaka 42 ndi 7.5 HP, 43 mpaka 45 ndi 10 HP, ndipo 46 mpaka 52 ndi 15 HP. Ngati boti ndi la pansi pophwatalala, la ngodya zakuthwa m'mbali, umatsikanso sitepe imodzi.

Tiyese. Boti la mafiti 14, thabwa lakumbuyo mafiti 3 ndi theka: 14 kuchulukitsa ndi 3.5 ndi 49. Ndiye kuti 15 HP, ndipo ngati pansi pake n'pophwatalala, 10 HP. Boti la mafiti 12 la thabwa la mafiti 3 likutipatsa 36, kutanthauza 5 HP basi. Mwaiona 40 penapake pamenepa? Lamuloli si la kwathu kuno, ndipo palibe amene adzatigwire nalo. Koma madzi sadziwa malire a dziko. Chomwe chimagubuduza boti ku Louisiana chingaligubuduzenso pakati pa Kachulu ndi Chisi.

Wina anena kuti, koma ife tikufuna liwiro. Apa mundimvetsere bwino, chifukwa ndi pomwe ndalama za anthu ambiri zimathera. Boti lolemera la matabwa limayenda mokankha madzi, siliyenda pamwamba pa madzi ngati timaboti topepuka ta mpikisano. Boti lotere lili ndi malire a liwiro, ndipo malirewo amachokera ku kutalika kwake. La mafiti 16 limathera pa makilomita pafupifupi 10 pa ola. Ukawonjezera moto kupyola apo, boti limayamba kukwera funde lomwe ladzipangira lokha. Mutu umadzuka, kumbuyo kumatitimira, phokoso n'kuchuluka, petulo n'kumatha, koma liwiro lowonjezereka ndi lochepa kwambiri. Ndiye pa Chilwa kumbuyo kukatitimira, pulopela imapita kuti? M'matope.

Palinso kulemera kwa injini yeniyeniyo. Ya 15 ya mtundu wa two-stroke, ngati Yamaha Enduro zomwe asodzi ambiri amagwiritsa ntchito, imalemera pafupifupi makilogalamu 40. Mnyamata mmodzi wamphamvu amainyamula paphewa kukaisunga kunyumba. Ya 40 imapyola makilogalamu 70, kuposa thumba la chimanga la 50 ndi ndowa pamwamba. Kulemera konseko kumakhala kumapeto kwenikweni kwa boti, pamodzi ndi woyendetsa ndi tanki ya petulo. Mpata wa pakati pa madzi ndi mlomo wa boti umachepa. Ukazimitsa moto mwadzidzidzi, funde lomwe limakutsata kumbuyo limalowa m'boti. Ukakhota mwamphamvu ndi injini yoposa msinkhu wa boti, boti limapendekeka musanakonzeke. Thabwa lakumbuyo nalonso limagwedezeka tsiku ndi tsiku mpaka misomali kuyamba kulekana ndi matabwa. Ndipo tinene chilungamo, ndi angati mwa ife muno amene angasambire mtunda wautali atavala zovala, miyendo ikukodwa m'zomera za pansi pa madzi?

Musandimve molakwa, sindikunena kuti yaing'ono kwambiri ndiye yabwino. Injini yochepera nayonso ndi ngozi. Miyezi ya June ndi July mwera ukamawomba, nyanja yosaya imachita mafunde afupiafupi obwera motsatizana. Boti lodzaza anthu ndi katundu likakhala ndi injini yofooka, mutu wake sulimbana ndi mphepo, limangotembenuzidwa cham'mbali, ndipo m'mbali ndi momwe madzi amalowera. Komanso injini yomwe ikuyenda pa moto wonse tsiku lathunthu imatopa msanga. Yoyenera ndi imene imayendetsa boti lodzaza bwinobwino uli pa magawo atatu mwa anayi a moto wake, kuti pakhale mphamvu yotsala yothawira nyengo ikasintha.

N'chifukwa chake tiyenera kuwerengera katundu moona mtima. Anthu atatu akuluakulu ndi makilogalamu pafupifupi 200. Onjezani injini, tanki ya malita 25, nkhafi, nsungwi, chakudya, madzi akumwa, zida za osaka, ndi zomwe mubwere nazo pobwerera. Tiwerengere tsiku lomwe boti ladzaza, osati tsiku lomwe woyendetsa ali yekha akudzionetsera pa doko.

Tibwere ku thumba. Injini ya two-stroke ya 15 ikakhala pa moto wonse imamwa malita pafupifupi 7 pa ola. Ya 40 imamwa pafupifupi 20. Ulendo wa ola limodzi kupita, ola limodzi kubwerera, ndi malita 14 uku, 40 uko. Kusiyana kwake malita 26 pa ulendo umodzi. Mtengo wa lita lero mukuudziwa, ndipo mukudziwanso mizere yomwe timaima petulo akasowa. Chulukitsani nokha. Musaiwale oyilo, chifukwa two-stroke imafuna petulo wosakaniza. Zambiri zimafuna muyeso wa 50 kwa 1, kutanthauza theka la lita ya oyilo pa malita 25 a petulo, koma tidzatsate zomwe buku la injiniyo likunena. Osaka mbalame si anthu a ndalama zambiri. Tikawakwezera mtengo kuti tibweze petulo wa 40, abwerera ku bwato ndi nkhafi, ife n'kutsala ndi injini yokongola yopanda okwera.

Chinthu china chomwe ambiri amachiiwala pogula ndi kutalika kwa mwendo wa injini. Pali wamfupi, wa thabwa lakumbuyo lotalika mainchesi 15, ndi wautali, wa mainchesi 20. Pamwamba pa pulopela pali kachitsulo kophwatalala, ndipo kameneko kayenera kulingana ndi pansi pa boti. Mwendo ukatalika kwambiri, pulopela imalima matope ndi kukola njedza. Ukafupika, imagwira mpweya, injini imalira koma boti osayenda. Ndiye tisanapite kwa wogulitsa tiyeze thabwa lija kuchokera pamwamba mpaka pansi. Tizikumbukiranso kuti injini zimenezi zimaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja momwemo. Zimakoka madzi kudzera m'timabowo ta pa mwendo, ndipo kampira kopopa madziwo kamadyeka msanga ndi matope ndi mchenga. Kamadzi kaja kamatuluka kumbuyo kwa injini ngati kamkodzo kakasiya kutuluka, zimitsani pompo. Mphindi zochepa zokha injini yapsa.

Anzathu osaka abakha ku Louisiana ndi Arkansas anakumana ndi vuto lomweli la madzi osaya, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito injini zoziziritsidwa ndi mpweya, za mchira wautali womwe umayenda pamwambamwamba pa matope. Ku Thailand maboti a mchira wautali ali ponseponse. Kwathu kuno zida zake ndi amakaniko ake si apafupi, pomwe ya 15 wamba makaniko wa pa doko amaimasula ndi kuibwezera tsiku lomwelo. Ifenso tili ndi yankho lathu la makolo. Injini ikufikitseni m'mphepete mwa dambo, mukatero izimitseni, ipendekeni mwendo utuluke m'madzi, n'kutenga nsungwi. Bakha ali ndi makutu. Amene amalowa m'njedza injini ikulira amapeza nthenga zokha.

Ndinenepo pang'ono za mbalamezo, poti ndizo zitipatse okwera. Chilwa ndi malo oyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo mbalame zina zomwe timaziona kuno zimachokera kutali, ku Ulaya ndi ku Asia. Kusaka kuli ndi malamulo ake. Pamafunika chilolezo, ndipo magulu a osaka m'midzi yozungulira nyanjayi ali ndi malo ndi nyengo zomwe salola kusaka kuti mbalame ziswane. Boti la injini limafikitsa anthu ambiri kutali pa nthawi yochepa, choncho udindo wathu ndi waukulu kuposa wa munthu wa bwato. Tigwirizane lero kuti wopanda chilolezo sakwera, ndipo kumalo oletsedwa boti lathu silipita, kaya munthu alipire zingati. Mbalame zikatha, osaka atha, alendo oona mbalame atha, bizinesi yathunso yatha.

Tikaganiza zogula yogwiritsidwapo kale ntchito, tipite ndi makaniko amene timamukhulupirira. Ailize ili m'madzi, osati pamtunda. Aone ngati kamadzi kaja kakutuluka mwamphamvu, amasule mapulagi, aonenso oyilo wa m'magiya a pansi. Oyiloyo akakhala woyera ngati mkaka, ndiye kuti madzi akulowa. Tionenso mapepala ndi nambala ya injini, kuopa kugula yakuba n'kudzataya zonse ziwiri, injini ndi ndalama.

Ndiye pempho langa ndi ili. Tisavote lero. Loweruka anthu atatu apite ndi tepi akayeze kutalika kwa boti, kutambalala kwa thabwa lakumbuyo ndi msinkhu wake, tichite masamu aja tonse pamodzi. Kenako tibwereke injini ya 15 kwa tsiku limodzi, tilipire petulo, tikweze anthu ndi katundu monga mmene tizidzachitira, tione mmene boti likhalire m'madzi m'mawa kuli bata komanso masana mphepo itayamba. Ngati boti lathu lili m'gulu la mafiti 14 mpaka 16, ine ndikuona kuti pakati pa 10 ndi 15 HP ndi pomwe tiyenera kuima. Ndalama zomwe tikanawonjezera pa ya 40 tigulire majekete oyandamitsa a munthu aliyense wokwera, kachingwe kozimitsira injini komwe woyendetsa amamanga padzanja, pulopela yapadera, kampira kopopa madzi kapadera ndi mapulagi. Ndipo woyendetsa aliyense aloweze lamulo la petulo: gawo limodzi mwa atatu popita, lina pobwerera, lachitatu lotsala m'tanki.

Ndalamazi tinazipeza movutikira, ena pogulitsa mandasi, ena pa maganyu a m'minda ya mpunga. Amene adzakwere botili ndi abambo a anzathu, azichimwene athu, ifenso tomwe. Tiyeni tigule injini yoti iziwatenga ndi kuwabweza.

 Ngati pali mafunso, ndili pompano.